Tizilembo ta pa kalata, pa bilu ndi pa lisiti: malangizo kwa mabanja a ku Livingstone

Ku msika wa Maramba mumamva Chitonga, Chilozi, Chinyanja ndi Chibemba, ndipo malonda amayenda bwinobwino. Koma pepala lochokera ku khonsolo, ku banki, ku kampani ya madzi kapena kwa abwana limabwera m'Chingerezi chokhachokha, nachonso chodulidwadulidwa: Ref, u.f.s., B/F, Dr, w.e.f. Mwana amene anakhoza Giredi 12 atha kuwerenga kalata yonse mokweza pamaso pa makolo, koma bambo ake akamufunsa kuti, "Nanga akuti titani, mwanawe?" iye n'kungokanda m'mutu. Si umbuli ayi. Kameneka n'kalembedwe ka m'maofesi, ndipo mzinda uno unakazolowera kalekale, pamene unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935. Likulu la dziko linasamukira ku Lusaka, la chigawo cha Kummwera nalo linapita ku Choma, koma makalata akulembedwabe chimodzimodzi.

Banja losamva tizilembo timeneti limataya ndalama. Wina amudulira madzi poti sanaone tsiku lomaliza kulipira. Wina walipira kawiri ngongole imodzi. Wina wasaina fomu ya ngongole akuganiza kuti chiwongoladzanja n'cha pachaka, chonsecho n'cha pamwezi. Zonsezi zimachitika mwini wake ali ndi pepala m'manja, pepala lomwe linanena zonse.

Simufunika kudziwa Chingerezi chonse kuti mudziteteze. Pepala lililonse la ndalama likafika pakhomo, lifunseni mafunso anayi. Lachokera kwa yani? Nambala yake ndi iti? Ndani ayenera kupatsa mnzake ndalama, ndipo ndi zingati? Tsiku lomaliza ndi liti? Tizilembo tonse tili m'munsimu timayankha limodzi mwa mafunso amenewa.

Kumutu kwa kalata

Yambani ndi dzina la ofesi ndi keyala yake. Mabokosi a positi a ku Livingstone ali ndi manambala asanu oyamba ndi 6, ndipo mafoni a m'maofesi a m'tauni muno amayamba ndi 0213. Kalata yodzitcha ya boma koma yongopereka nambala ya foni ya m'manja ya munthu mmodzi, ikayikireni mpaka mutakafunsa ku ofesi yeniyeniyo.

Ref kapena Our Ref ndi nambala ya fayilo yanu ku ofesi imene yalembayo. Your Ref ndi nambala ya kalata imene inuyo munawalembera. Makalata ambiri a boma ali ndi mawu akuti *In reply please quote* pakona ya kumanja, kutanthauza kuti poyankha mutchule nambala yomweyo. Musaione mopepuka. Kalaliki sakumbukira nkhope yanu, amafufuza fayilo. Mukapita opanda nambala, mudzamva kuti "bwerani mawa."

Att kapena Attn amasonyeza munthu amene ayenera kuiona kalatayo m'kati mwa ofesi. c/o ndiye kuti kalata ndi yanu koma yadzera pa keyala ya wina, monga tchalitchi, sukulu kapena loji imene mukugwirako ntchito. RE ndi mutu wa nkhani, ndipo kawirikawiri amaulemba m'zilembo zikuluzikulu. Mukakhala pachangu, werengani mzere umenewu kaye.

Antchito a boma amakumana kwambiri ndi u.f.s. Tanthauzo lake n'lakuti kalata idzere mwa mkulu wapakati, iye aiwerenge, alembepo ndemanga, asaine ndi kudinda isanapite patsogolo. Mphunzitsi wa ku Dambwa wopempha kusamutsidwa amalembera mkulu wa maphunziro wa chigawo ku Choma, koma u.f.s. DEBS, mkulu wa maphunziro wa m'boma la Livingstone, u.f.s. mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pake. Akalumpha mmodzi, kalata imabwerera momwe inapitira, miyezi n'kutayika.

M'kati ndi kumunsi kwa kalata

Masiku kuno timalemba kuyamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Choncho 03/04/2025 ndi pa 3 Epulo, osati pa 4 Malichi. w.e.f. ndiye kuti "kuyambira pa tsiku lakuti", ndipo tsikulo litha kukhala la m'mbuyo. Ngati mwini nyumba walemba mu Juni kuti lendi yakwera w.e.f. 1 Epulo, akufuna ndalama za miyezi yapitayo, ndipo muyenera kuona ngati pangano lanu likulola zimenezo. i.r.o. ndi "zokhudza", ndipo mawu otsatira amakuuzani chimene ndalamazo zikulipirira.

Kalata ikati *within 14 days*, onani ngati akuwerenga kuchokera pa tsiku lolemba kapena pa tsiku lolandira. Ikati *working days*, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba kumbuyo kwa kalata tsiku limene yafika pakhomo, ndi kusunga envelopu yake.

*Reminder* n'chikumbutso chabe. *Final Notice* kapena *Final Demand* ndi chenjezo lomaliza asanadule madzi kapena kupita ku khoti. *Summons* ndi samani ya khoti, ndipo imeneyi sabisa pansi pa mphasa: mukapanda kupita, mlandu utha kugamulidwa inu kulibe. *Without prejudice* ndiye kuti wolembayo akupereka njira yoti mugwirizane popanda khoti, koma sakuvomera kulakwa ndipo sakutaya ufulu wake wokasuma. Munthu akabwera kudzatenga katundu pakhomo chifukwa cha ngongole, mufunseni chiphaso chake ndi chikalata chomuloleza kutero. Kalata yoopseza yochokera kwa wokongoza payokha si chigamulo cha khoti.

Kumunsi, pafupi ndi siginecha, mupeza For kapena p.p., kusonyeza kuti wasainayo wasainira mkulu wake. Ag. ndi wogwirizira udindo. Makalata otero ndi ovomerezeka ndithu. Encl. ndiye kuti muli mapepala ena m'envelopu momwemo, ndipo ngati mulibe, kafunseni msanga. cc amatchula ena amene alandira kalata yomweyo, choncho mudziwa amene akuidziwa nkhani yanu. NB ndi "onetsetsani apa", PTO ndi "tembenuzani pepala". Mawu ovuta a pangano nthawi zambiri amakhala kuseri komweko.

Ofesi ikapempha *certified true copy*, ikufuna fotokope yodindidwa ndi kusainidwa ndi munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, monga loya kapena majisitireti, ataona pepala lenileni. Pepala lenilenilo bwererani nalo kunyumba.

Bilu ya madzi, mayunitsi a malaiti ndi za khonsolo

Madzi a mumzinda uno amaperekedwa ndi SWASCO, ndipo bungwe loyang'anira makampani onse a madzi m'dziko ndi NWASCO. Pa bilu yang'anani A/C No., nambala ya akaunti ya nyumba yanu, ndipo muilembe pa kalendala kuti aliyense wotumidwa kukalipira asaisokoneze ndi ya anansi.

B/F ndi ndalama zochokera m'mwezi wathawu. C/F ndi zimene zikupita ku mwezi wamawa. *Arrears* ndi ngongole yakale, *current charges* ndi za mwezi uno zokha. Dr pambali pa nambala ndiye kuti inuyo muli ndi ngongole. Cr, kapena kamzere kochotsera kutsogolo kwa nambala, ndiye kuti munalipira mopitirira ndipo ndalama zanu zatsala kumeneko. Musathamangire kukalipira bilu yolembedwa Cr.

Madzi amayezedwa ndi m³. Imodzi ndi malita 1,000, ndiye kuti zigubu 50 za malita 20. Chotsani *previous reading* pa *current reading*, mupeza madzi amene mwagwiritsa ntchito. Kenako pitani pa mita yanu mukaone ngati manambala akugwirizana. Mukaona Est, dziwani kuti sanawerenge mita, angoyerekeza. Jambulani mita ndi foni, pitani nayo ku ofesi pamodzi ndi biluyo. Ndipo ngati mipopi yonse ndi yotseka koma mita ikuyendabe, paipi yaboola penapake m'bwalo lanu, ndipo madzi otayikawo mukulipira ndinu.

Pa kalisiti ka ZESCO pali *token*, manambala 20 olowetsa m'mita, ndi kWh, omwe ndi mayunitsi mwagula. Musanatumize ndalama, werengani nambala ya mita kawiri. Ambiri amadabwa kuti K100 yomweyo yagula mayunitsi ochepa ulendo wachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa magetsi a m'nyumba uli m'magawo: mayunitsi oyamba m'mwezi ndi otsika mtengo, ndipo mukapitirira gawo limenelo mtengo umakwera. Mitengoyi imavomerezedwa ndi ERB, bungwe loyang'anira za mphamvu.

Pa nkhani ya nyumba, siyanitsani zinthu ziwiri. *Rates* ndi msonkho wa nyumba wopita ku Livingstone City Council. *Ground rent* ya malo okhala ndi taitolo ya zaka 99 imapita ku Unduna wa Zamalo. Kulipira chimodzi sikufafaniza chinzake. *Levy* ndi msonkho wina wa khonsolo, monga wa bizinesi kapena wa pamsika. Kalata yopita ku khonsolo imalembedwa kwa *Town Clerk*, ngakhale nkhaniyo ikayendetsedwa ndi wina.

Pepala la malipiro

Kaya mumagwira ku hotela ya m'mbali mwa Zambezi, ku sitolo ya mu msewu wa Mosi-oa-Tunya kapena ku chipatala, pemphani pepala la malipiro mwezi ndi mwezi. *Basic* ndi malipiro enieni popanda zowonjezera. *Gross* ndi zonse pamodzi ndi za nyumba, za mayendedwe ndi za chakudya. *Net* ndi zimene zifike m'manja mwanu. Polowa ntchito, funsani kuti nambala akutchulayo ndi iti mwa zitatuzi.

PAYE ndi msonkho umene abwana amadula n'kutumiza ku ZRA, bungwe lotolera misonkho lomwe linayamba ntchito mu 1994. Malinga ndi magawo amene anayamba mu Januwale 2024, K5,100 yoyamba pamwezi siidulidwa msonkho. Kuchokera pamenepo mpaka K7,100 amadula K20 pa K100 iliyonse, mpaka K9,200 amadula K30, ndipo zopitirira apo K37. Magawowa atha kusintha ndi bajeti, choncho Januwale aliyense funsani ngati asintha.

NAPSA ndi penshoni. Inu mumadulidwa K5 pa K100 iliyonse, abwana nawo amaikapo K5 yawo. NHIMA ndi inshuwalansi ya zaumoyo: K1 pa K100 iliyonse ya *basic*, abwana nawonso K1.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti *basic* ndi K6,000 ndipo *gross* ndi K8,000. Pa K5,100 palibe msonkho. Pa K2,000 yotsatira msonkho ndi K400. Pa K900 yotsala ndi K270. PAYE yonse ndi K670. NAPSA ndi K400, NHIMA ndi K60. Zofika m'manja ndi K6,870. Amene amati "akandikweza malipiro msonkho udya zonse" akulakwitsa, chifukwa msonkho wokwera umagwira gawo lapamwamba lokha.

Kuona NAPSA pa pepala si umboni wakuti ndalamazo zafika. Kamodzi pachaka pemphani sitetimenti ku ofesi ya NAPSA kapena pa eNAPSA, muone ngati miyezi yonse ilimo, ndiponso ngati dzina ndi nambala ya reji zalembedwa molondola. Miyeziyi ndi yofunika. Lamulo la 2023 lolola munthu kutapako K20 pa K100 iliyonse ya zosonkha zake asanapume limafuna kuti akhale atasonkha miyezi 60 kapena atakwanitsa zaka 45, ndipo mwayiwu ndi wa kamodzi kokha. Ndalama ya *Workers' Compensation*, yothandiza ovulala pantchito, amalipira ndi abwana okha. Mukaiona ikudulidwa kwa inu, funsani.

Ku banki ndi kwa okongoza ndalama

Pa sitetimenti ya banki, Cr ndi ndalama zolowa, Dr ndi zotuluka, Bal ndi zotsala. O/D ndiye kuti mwatapa zoposa zimene munali nazo, ndipo banki ikuwerengera chiwongoladzanja. DDACC ndi chilolezo chimene munasaina choti kampani ina izitenga yokha ndalama mu akaunti yanu, monga ya inshuwalansi kapena ya ngongole. Ngongole ikatha, onetsetsani kuti chilolezocho chathetsedwa, ndipo pemphani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza kubweza.

Tizilembo tiwiri tokha tagwetsa mabanja ambiri: p.a. ndi p.m. Koyamba ndi pachaka, kachiwiri ndi pamwezi. Ngongole ya K5,000 pa 10% p.a. imabala K500 chaka chonse. Ngongole yomweyo pa 10% p.m. imabala K500 mwezi uliwonse, K6,000 pachaka, kuposa ngongole yeniyeniyo. Apa ndiye kuti mwalowa kaloba, ngakhale ofesi yake ikhale yokongola chotani. Musanasaine, funsani funso limodzi ndipo yankho alilembe: "Ndikadzamaliza, ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Onaninso mawu akuti *guarantor*. Mukasainira mlamu wanu monga *guarantor*, simuli mboni chabe. Iye akalephera, ngongoleyo ndi yanu.

*Quotation* ndi *proforma invoice* ndi mapepala ongonena mtengo. *Invoice* ndi pepala lopempha malipiro. Umboni wakuti mwalipira ndi lisiti basi. VAT ndi msonkho wa K16 pa K100 iliyonse. Mtengo ukalembedwa *VAT excl.*, msonkhowo sunalowemo, ndipo simenti kapena malata mukugulawo akwera pofika pa kauntala.

Samalaninso ndi mapepala akale a makolo. Pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake. ZMK ndi kwacha yakale, ZMW ndi ya lero. Buku la banki la malemu lolembedwa K5,000,000 mu 2010 likunena K5,000 ya masiku ano. Abale ambiri akanapewa kukayikirana pa chuma cha masiye akanayamba aona chaka cha pepala.

Mawu a ku thumba la boma

*Treasury* ndi nthambi ya Unduna wa Zachuma imene imasunga ndi kugawa ndalama za dziko, ndipo mkulu wake ndi *Secretary to the Treasury*, mwachidule ST. GRZ ndi Boma la Zambia, zilembo zomwe mumaziona pa magalimoto a boma ndi pa malisiti ake. BoZ ndi Bank of Zambia, kumene boma limasunga ndalama. Mukamva pa wailesi za *Control 99*, akunena akaunti yaikulu ya boma kumeneko, momwe misonkho ndi zolipira zina zimathera.

Phunziro la pakhomo ndi ili: ndalama iliyonse yolipira ku boma, kaya ya pasipoti, ya laisensi ku RTSA (bungwe la za pamsewu) kapena ya chindapusa, ikhale ndi lisiti la boma, pepala lodepozitira ku banki kapena umboni wa pa intaneti wochokera ku boma. Yopanda lisiti siifika ku thumba la dziko, ndipo mawa mudzailipiranso. Malamulo ambiri satchula chindapusa m'makwacha koma m'ma *penalty units* kapena *fee units*. Kuyambira 2024 yuniti imodzi ndi 40 ngwee, pomwe kale inali 30 ngwee. Mayuniti 750 ndi K300, osati K750.

Chaka cha boma cha ndalama chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Nduna ya Zachuma imawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo chakumapeto kwa Seputembala, kupatula m'chaka cha chisankho pamene imachedwerapo, ndipo tsatanetsatane wake amakhala m'buku lotchedwa *Yellow Book*. Pa matebulo ake onani pamwamba: K'000 ndiye kuti muwonjezere maziro atatu pa nambala iliyonse.

Mawu atatu awa musawasokoneze. *Allocation* ndi ndalama zolembedwa mu bajeti. *Release* kapena *funding* ndi ndalama zimene zatulukadi. *Arrears* ndi ngongole zimene boma silinalipire. Ofesi ikakuuzani kuti *awaiting funding*, ndiye kuti pempho lanu lavomerezedwa koma ndalama sizinafike, choncho musakongole kwina podalira tsiku limene palibe walilemba. *Treasury Authority* ndi chilolezo cha ku thumba la boma choti unduna uwononge ndalama kapena ulembe anthu ntchito. Aphunzitsi ndi anamwino odikira ntchito amawadziwa bwino mawu amenewa. Akalembedwa, malipiro awo amadzera mu PMEC, kaundula wa malipiro a antchito a boma.

CDF ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu. Linali K1.6 miliyoni mu 2021, n'kukwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe m'zaka zotsatira. Mafomu a *bursary* ya ana a sekondale yogonera konko ndi ya maphunziro a ntchito zamanja amadzera ku WDC, komiti ya chitukuko ya wodi yanu. Gulu la amayi kapena la achinyamata lisanasaine, liwerenge bwino: *grant* sabweza, *loan* amabweza.

Inu amene mumagulitsa nyemba, nkhuni, mayunifolomu kapena njerwa ku masukulu ndi ku maofesi, musapereke katundu pa mawu a pakamwa. Pemphani LPO, pepala la oda losainidwa ndi kudindidwa. Popereka katundu, wolandira asaine *delivery note*, inu musunge kope. Potsatira malipiro funsani ngati PV, pepala lolamula kuti mulipidwe, lakonzedwa. Popanda LPO, mkulu amene munapangana naye akasamutsidwa, wobwera m'malo mwake alibe pogwira.

Kukongoza boma

Ambiri amamva za *Treasury bills* n'kumayesa n'za mabanki okha. Ayi, banja wamba nalo litha kukongoza boma, kuyambira K1,000. *Treasury bills* ndi ngongole ya nthawi yochepa: masiku 91, 182, 273 kapena 364. *Government bonds* ndi ya zaka 2, 3, 5, 7, 10 kapena 15. Zonsezi zimagulitsidwa ndi Bank of Zambia m'malo mwa boma. Mufunika reji, TPIN, akaunti ya banki, ndi akaunti ya CSD, kaundula wolembamo mwini wa pepala lililonse. Banki yanu ya m'tauni muno itha kukuthandizani kuitsegula.

*Face value* ndi ndalama zimene mudzalandire pomaliza. *Maturity* ndi tsiku lake. *Treasury bill* amagula motsika: mwachitsanzo chabe, mutha kupereka K900 lero n'kudzalandira K1,000 masiku akakwana, phindu n'kukhala K100. Pa *bond* mumalandira *coupon*, chiwongoladzanja chobwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. *Non-competitive bid* ndi njira ya ogula ang'onoang'ono, amene amalandira mtengo umene wapezeka pa malondawo. WHT ndi msonkho umene amadula pa phindu lisanakufikeni, choncho funsani kuti pakali pano ndi wochuluka bwanji, pamodzi ndi zolipira za banki.

Ikani kuno ndalama zokhazo zimene simuzifuna msanga. Mukafuna kugulitsa tsiku lisanakwane, mutha kutayapo. Yerekezaninso phindu ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, chifukwa ngati ufa ndi mafuta zikukwera kuposa phindu lanu, simunapindule kanthu. Ndipo dziwani kuti boma nalo limapanikizika: mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole yake ya kunja ya Eurobond, ngakhale kuti mapepala a kwacha ogulitsidwa m'dziko muno sanalowe m'zokambirana zokonzanso ngongoleyo. Ndalama za fizi ya temu ikubwerayi zikhale pafupi. Za maphunziro a mwana amene akadali ku pulayimale, kapena za gulu la chilimba zimene mugawana kumapeto kwa chaka, ndizo mungaganizire kuziika kumeneku.

Pa malire

Amalonda odutsa pa mlatho wa Victoria Falls adziwe STR, dongosolo la COMESA, bungwe la mayiko la zamalonda, lopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Limagwira pa katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, wopangidwa kapena kulimidwa ku Zambia kapena ku Zimbabwe, ndiponso wopezeka pa mndandanda umene Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana. Limachotsa msonkho wa kasitomu, koma misonkho ina monga VAT itha kukhalapo. Ku Kazungula nkhani ndi ina, chifukwa Botswana sali mu COMESA. Pa pepala la kasitomu, VDP ndi mtengo wa katundu umene awerengerapo msonkho. Sungani malisiti a kumene mwagula, chifukwa ndi amene mungatsutsire nawo mtengo ukakwezedwa. Mukatuma ejenti, akubweretsereni lisiti la ZRA lenileni, osati kapepala kake kolemba pamanja.

TPIN ndi PIN si chinthu chimodzi

NRC ndi reji yanu, imene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Ya nzika ya Zambia ndi yobiriwira ndipo nambala yake imathera ndi 1. TPIN ndi nambala ya msonkho ya manambala 10 yochokera ku ZRA, ndipo kuitenga n'kwaulere. Banki, abwana ndi maofesi ena atha kuipempha, ndipo palibe choopsa kuwapatsa.

PIN ndi nambala yachinsinsi ya khadi la banki kapena ya ndalama za m'foni. OTP ndi nambala yobwera pa uthenga wa foni yotsimikizira kuti ndinudi mukutapa kapena kutumiza ndalama. Ziwirizi sapatsa munthu aliyense, kaya wa ku banki, wa ku kampani ya foni, wa pa buthi kapena wodzitcha wa ku *Treasury*. Akathyali amadziwa kuti mawu akuluakulu amaopsa anthu, ndiye amaimba n'kumati ndalama zanu za NAPSA kapena za CDF zatuluka, mungotumiza kaye kangachepe kotsegulira fayilo. Dulani foni. Kambiranani zimenezi ndi agogo ndi ana omwe, chifukwa iwo ndi amene amatsala ndi foni pakhomo.

Kusunga ndi kufunsa

Gulani mafayilo anayi a pulasitiki: la nyumba ndi malo, la madzi ndi magetsi, la ntchito ndi penshoni, la banki ndi ngongole. Aikeni pamwamba, kutali ndi chiswe ndi madzi a mvula. Malisiti a pa makina amafufutika ndi kutentha kwa mu Okutobala, choncho ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Mwamuna ndi mkazi onse adziwe pamene pali mafayilowa, pamodzi ndi mwana mmodzi wamkulu, kuti matenda kapena maliro akagwa banja lisayambe kufunafuna mumdima.

Popereka kalata ku ofesi iliyonse, tengani makope awiri. Limodzi asunge, linalo adinde chidindo cha *Received* chokhala ndi tsiku, mubwerere nalo. Musasaine fomu yokhala ndi mipata yosadzaza. Pamene sipakukukhudzani lembani N/A kapena jambulani mzere, kuti wina asadzalembepo pambuyo.

Mukapeza kachilembo kamene sikali m'malangizo ano, musachite manyazi. Lozani ndi chala n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, tandifotokozereni apa m'Chinyanja ndisanasaine." Ngati nkhani ndi ya khoti ndipo mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Board. Ngati mwasemphana ndi sitolo kapena kampani pa zimene munagula, kuli CCPC, bungwe loteteza ogula. Wogwira ntchito woona mtima sakwiya ndi funso la mwini ndalama. Amene akukufulumizitsani kuti musaine musanamve, mubwezereni cholembera chake, mupemphe kope la pepalalo, mukaliwerenge kunyumba ndi munthu amene mumamukhulupirira.